Ndalowera pachipata ku Chitala

Mwaswera bwanji nonse.

Lero ndinaperekeza timu yathu ya ku Senga Bay kukasewera ku Chitala. Tinakwera lole yonyamula nsomba. Bwalo lawo linali munda kale, mizere ikuonekabe, ndipo alizinga ndi mpanda wa udzu.

Titafika pachipata, kochi wathu a Bwanali anatiimitsa. Pansi panali mzere wonyowa, wodula khomo lonse, chonsecho mvula sinagwe. Iwo anati, "Aliyense asapondepo, apa atchera. Tilowera kuseri." Osewera anang'amba udzu kumbuyo kwa golo, anthu onse n'kumakwawa ngati ng'azi.

Ine ndinakana. Ndinati, "A Bwanali, sindinakwawepo ngakhale pamaso pa apongozi anga. Ndikwawire mpira?"

Ndinalowera pachipata pomwepo. Ndinawerama, n'kutapa dothi lonyowalo, n'kununkhiza. Silinanunkhe kanthu. Bambo wolondera pachipata anaseka, amvekere, "Madala, timangothirira kuti fumbi lisabuke." Koma ngati ndi fumbi, bwanji anathira kamzere kamodzi kokha? Nanga bwanji iye mwini ankakadumpha?

Atichinya zigoli ziwiri, ife osagoletsa. Pobwerera palibe amene anandilankhula. A Bwanali akuti ndagonjetsa timu ndine, ndipo Loweruka likubwerali ndisadzakwere nawo lole.

Alamu a Phiri, inu mwalima ku Chitala zaka zambiri. Madzi aja ndi chiyani? Ndiuzeni zoona. Ngati ndi mankhwala, ndikapepesa mawa m'mawa. Ngati ndi madzi chabe, goloboyi wathu amene walola zigoli ziwiri zija ndiye abwere chokwawa kudzapepesa kwa ine.