Mpira wa M'munsi wa Pyo Daesik

Pyo Daesik anafika ku nyumba ya timu asanakwanitse zaka makumi awiri, atanyamula chikwama cha malaketi ndi thumba la ndere zouma za m'nyanja limene mayi ake anati akapatse wophika. Wophikayo ndinali ine, ndipo ndikadali pomwepo. Khonsolo ya boma lathu ili ndi timu ya tenisi ya amuna. Anyamatawo amagona m'nyumba imodzi kuseri kwa mabwalo, ine ndimawaphikira, ndipo onse amanditcha azakhali.

Kwawo ndi ku chilumba china cha kumwera kwa dziko lathu la Korea, kumene mayi ake ankalima ndere pa zingwe m'madzi ozizira mpaka zala zinapindika. Atafika kuno anali wamng'ono pa onse, choncho ntchito za wamng'ono zinali zake: kusalaza bwalo, kutola mipira, kuchapa masokosi a akuluakulu ake, kudya pomalizira. Sanadandaulepo. Koma akalowa m'bwalo ankawagonjetsa mmodzimmodzi, n'kuwaweramira mwaulemu, kenako n'kuwanyamulira zikwama.

Sindinena kuti ndi munthu wofatsa. Pakamwa pake ndi poipa. Ankandiseka chifukwa cha mapemphero a mbandakucha.

"Azakhali, Mulunguyo mumamudzutsiranji m'mamawa choncho? Musiyeni agone mokwanira, mwina angamakuyankheni bwino."

Koma mwamuna wanga atamwalira, Daesik anakhala pamaliro mpaka tsiku loika, akulongosola nsapato za alendo pakhomo ndi kunyamula mbale ngati mwana wa m'nyumba. Anthu ena a mu mpingo sanachite zimenezo.

Anakhala katswiri wa dziko lonse la Korea kangapo. Kunja sanapite patali. Anayesako mipikisano ing'onoing'ono ya ku China ndi ku Thailand, n'kubwerako ndi bondo lotupa. Sanakwatire, alibe nyumba yake, alibe luso lina. Chimene anali nacho ndi bedi la pafupi ndi zenera m'nyumba ya timu, ndi jekete la buluu lolembedwa dzina la boma lathu kumsana.

Chaka chino ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Mu Januwale, kunja kuli chipale chofewa, anyamata ankadya akuonera pa kanema mpikisano wa ku Australia umene umatsegula nyengo. A kochi athu, a Byeon, amenenso ndi mkulu wa mpingo ku tchalitchi kwathu, anayamba kumadya nawo masiku amenewo, zomwe sankachita kale.

"Taonani," ankatero akuloza kanema ndi timitengo todyera. "Ngakhale akatswiri a dziko lonse lapansi ana akuwagwetsa. Munthu wanzeru amachoka yekha asanamukankhe."

"Amene akugwawo alibe azakhali owaphikira," anayankha Daesik mpunga uli m'kamwa. "Azakhali, onjezani kimchi, kabichi wanu wa tsabola uja, a kochi akulalikira."

M'timu munali mutalowa mnyamata watsopano, Ma Haram, wa zaka makumi awiri, wamtali mpaka ankawerama polowa kukhitchini. Akamenya mpira woyambira, phokoso lake ndinkalimva ndili potsukira mbale. Ndi mwana waulemu, sindimuda. Ankathira madzi m'kapu ya Daesik ndi manja awiri, ndipo Daesik ankamutcha Mtengo wa Magetsi.

Tsiku lina a Byeon analankhula patebulo, onse tikumva. Anati khonsolo yachepetsa timu, ndipo pakati pa Daesik ndi Haram patsala malo amodzi.

"Sindikondera munthu," anatero. "Mulimbane m'bwalo. Wopambana akhala, wogonja anyamule chikwama. Mulungu ndi mboni."

Anatchuladi Mulungu. Ndinamva ndi makutu anga.

Tsiku limene anasankha linali lokumbukira kubadwa kwa Daesik. Kuno kwathu aliyense amadziwa kuti pa tsiku lotere munthu amamwa msuzi wa ndere pokumbukira mayi ake. Aliyense amadziwanso kuti munthu wopita ku mayeso kapena ku mpikisano sapatsidwa msuzi umenewu, chifukwa ndere zimaterera ndipo amati woumwayo amaterereka n'kugwa. Ine sindikhulupirira zoterezi. Koma chipongwe ndimachidziwa ndikachiona.

A Byeon anabwera kukhitchini kutatsala masiku ochepa.

"Mayi, musaiwale msuzi wa mwana wathuyu. Ndiponso munyike nyama yambiri. Kubwera akuluakulu a khonsolo, tidzadya pambuyo pa masewera."

"Phwando lake ndi la chiyani, abambo?"

"La wopambana, mayi. Aliyense amene apambane."

M'mawa wa tsikulo ndinaika mphika patebulo. Anyamata onse anayang'ana pansi. Panalibe anaukhudza. Daesik anatsegula mphikawo, ananunkhiza, n'kuseka.

"Ee! A kochi amandikonda kwabasi. Akumbukira ngakhale tsiku langa lobadwa." Anadzaza mbale yake. "Ine ndere zandilera. Zimene zinalephera kugwetsa mayi anga m'nyanja zindigwetse ine pamtunda? Mtengo wa Magetsi, bweretsa mbale."

"Achimwene, ine lero m'mimba simuli bwino."

"Bodza! Ukuopa masamba? Bwera nayo kuno ndikumwere. Ndimwera timu yonse ya amantha."

Anamwa mbale zitatu. Kenaka anamanga bondo lake ndi nsalu, natuluka.

Ndinasiya mbale zosatsuka n'kukaima kuseri kwa waya. Kunali mphepo yozizira. Akuluakulu a khonsolo anakhala pa mipando ya kutsogolo atafunda mabulangete m'miyendo.

Chigawo choyamba chinali chomvetsa chisoni. Mipira ya Haram inkadutsa Daesik asanatukule n'komwe laketi. Daesik anagonja chigawocho msangamsanga, ndipo mmodzi wa akuluakulu aja anayang'ana wotchi.

Koma Haram ali ndi chizolowezi. Podikira mpira woyambira amaima kutali kwambiri, msana utatsala pang'ono kukhudza waya, kuti apeze malo otambasulira mikono yake yaitaliyo. Chigawo chachiwiri chitayamba, Daesik anakweza dzanja ngati aponya mpira m'mwamba monga mwa masiku onse, koma anangoumenyera m'munsi, pang'onopang'ono, ngati akupatsira mwana. Mpira unadumpha ukonde n'kufera pomwepo. Haram anathamanga koma sanaupeze.

Malamulo amalola kumenyera m'munsi, koma ambiri amati n'kunyoza mnzako. Nanga wamkulu kuchitira wamng'ono!

"Daesik!" anakuwa a Byeon. "Ukuchita chiyani? Pali alendo pano!"

"Ndikusewera, a kochi. Pointi ndi yanga kapena ayi?"

Inali yake. Anabwerezanso. Haram atayandikira, Daesik anamenya wamphamvu m'mbali. Atabwerera kumbuyo, anamumenyeranso m'munsi. Anayamba kumukwezera mipira m'mwamba kwambiri kuti mphepo iziisokoneza, ina n'kumaidula kuti izikwawa pansi, mnyamata wamtaliyo aziwerama mpaka msana uwawe. Sizinali zokongola. Bondo linkamuvuta, ankapuma ngati ng'ombe, ndipo nthawi ina anasanza pambali pa bwalo.

"Ndi ndere zija!" anakuwa mnyamata wina wa m'timu.

"Zatuluka, tsopano sinditerereka!" anayankha Daesik akupukuta pakamwa.

Haram anayamba kukwiya, ndipo atakwiya mipira yake inayamba kutuluka kunja. Daesik anatenga chigawo chachiwiri. Chachitatu chinatalika mpaka mapazi anga anachita dzanzi, koma anachitenganso. Anapambana, pamaso pa khonsolo, pamaso pa timu, pamaso panga. Anakumana pa ukonde, Haram anawerama kwambiri, ndipo Daesik anamumenya kambama kochepa pakhosi.

Ndinathamangira kukhitchini ndikuyamika Mulungu mokweza, ine amene sindikweza mawu. Nyama ija ndinaiotcha ndi mtima wosangalala. Ndikakumbukira kusangalala kumeneko ndi pamene ndimapsa mtima kwambiri.

Onse atakhala pansi ndipo mowa wa soju utathiridwa, a Byeon anaimirira atanyamula kabokosi. Anayamba ndi pemphero. Kenaka anati lero ndi tsiku lalikulu, chifukwa boma lathu likutsanzikana ndi mwana wake amene walitumikira zaka zambiri. Anatsegula kabokosiko, natulutsa chikumbutso cha galasi chozokotedwa dzina la Daesik ndi mawu othokoza. Akuluakulu aja anawomba m'manja.

Daesik sanaimirire.

"A kochi, mwina mwasokoneza. Wopambana ndine."

"Mwana wanga, tisakangane pamaso pa alendo. Kupambana kuli mitundumitundu. Zimene wachita lero zatichititsa manyazi tonse. Munthu wamkulu kupusitsa mng'ono wake chotero? Timu ya boma imaphunzitsanso khalidwe."

"Khalidwe." Daesik analandira galasilo, nalitembenuza, nayendetsa chala pa zilembo. "Azokota bwino. Ozokota ake ndi achangu, eti? Ndamenyera m'munsi masana ano, pofika nthawi ya nyama dzina langa lili kale pagalasi. Munawatumizira uthenga ndili mkati mosanza?"

Wina anatsokomola. A Byeon anamwetulira ngati mmene amachitira polandira anthu pakhomo la tchalitchi.

"Tinakonzeratu kuti tikulemekeze, zivute zitani."

"Ndiye masewerawa anali a chiyani?"

Yankho lake tonse tinalidziwa. A Byeon ndi a khonsolo ankafuna kuti mwana uja agwetse Daesik anthu akuona, kuti pasapezeke wonena kuti khonsolo yataya munthu wake. Ankafuna manyazi a Daesik kuti abise awo.

Pamenepo Haram anaimirira, nkhope itafiira.

"A kochi, wogonja ndine. Munanena kuti wogonja anyamule chikwama."

"Khala pansi, iwe."

"Koma munanena..."

"Ndati khala pansi!"

Mnyamatayo anayang'ana Daesik. Ndikhulupirira kuti Daesik akanangogwedeza mutu, Haram akanatuluka naye limodzi, n'kudzitayira tsogolo.

"Khala pansi, chitsiru iwe," anatero Daesik. "Ukuganiza kuti ukachoka andibwezera malo? Angotenga mtengo wina wa magetsi. Khala, udye nyama ya azakhali. Ndipo usiye kuima kuwaya ngati ukudikira basi. Kunja uko akakudya wamoyo."

Anaika galasi lija pakati pa mbale za kimchi, anawerama kwa akuluakulu a khonsolo monga mwa mwambo, natuluka akutsimphina. Iwo anapitiriza kudya. Anadya ndithu, mpaka anapempha mpunga wina, ndipo ine ndinawapatsa.

Lamulungu lotsatira a Byeon ndi amene anatsogolera pemphero. Ndinatseka maso koma sindinathe kunena amen. Ndauza abusa kuti mtima wanga uli ndi mkwiyo, ndipo andiuza kuti ndikhululuke. Ndikuyesa. Koma munthu amene ndiyenera kumukhululukira sakuona kuti analakwa, ndipo amandifunsabe mwansangala ngati mpunga ulipo wokwanira. M'tauni muno anthu akunena kuti Daesik anapuma yekha mwaulemu, ena akuti mwana uja anamugonjetsa. Ku khonsolo palibe amene akuwatsutsa.

Patapita masiku angapo Daesik anabwera kukhitchini m'mawa, anyamata ali ku bwalo. Bedi lake anali atachotsapo kale zofunda. Anakhala patebulo langa ndi jekete lake la buluu, napempha kalumo kanga kosokera.

"Ukufuna kutani nako?"

"Mpikisano woyamba wa nyengo m'dziko muno uyamba Loweruka. Ndalembetsa ndekha."

"Wopanda timu?"

"Amalola. Kungoti ndiyambira pansi penipeni, pamodzi ndi ana a sukulu. Katswiri wa dziko kulimbana ndi ana onunkha mkaka kuti alowe nawo mpikisano. Mubwere mudzaseke."

Anayamba kutumbula ulusi wa zilembo za kumsana, chimodzichimodzi. Zala zake n'zazikulu ndipo ankang'amba nsalu, choncho ndinamulanda n'kumaliza ndekha. Pamene panali dzina la boma lathu panatsala mabala a buluu woderapo, oti munthu woyang'anitsitsa akhozabe kuwerenga.

"Bondolo likafika nalo kuti?" ndinamufunsa.

"Mwina masewera awiri. Mwina amodzi."

"Nanga pambuyo pake?"

"Azakhali, mafunso amenewo kafunseni Mulungu wanu mawa m'mamawa. Ine ndikufuna ondigonjetsa andigonjetsere m'bwalo, basi."

Ndinamukulungira mpunga ndi mazira owiritsa a panjira. Anavala jeketelo, anakoleka chikwama cha malaketi paphewa, nadutsa kuseri kwa mabwalo kupita kokwerera basi. Mipira inasiya kulira pamene ankadutsa. Ndinamva a Byeon akukalipa kuti anyamata apitirize.