Mayi Doreen akufuna kubwera nane kumudzi

Mwaswera bwanji nonse kumeneko?

Ndatsika sitima yapamadzi m'mawa uno padoko la Fremantle. Paja ndinapita ndekha paulendo wapanyanja wa masiku asanu uja, woyamba chimwalirire bambo a Chisomo. Nyengo yozizira ino anthu amakwera ochepa, ndiye masiku awiri oyamba ndinkangodya ndekha pakona, n'kumadzifunsa kuti ndabwereranji kuno.

Tsiku lachitatu nyanja inavuta. Ndinasanza pakhonde pomwepo anthu akuona, manyazi ake osanena. Amene anandigwira mkono ndi mayi ena achizungu a ku Rockingham, mayi Doreen, okalamba ndithu, nawonso amuna awo anamwalira. Anandiperekeza kuchipinda, ananyowetsa thawulo n'kuyamba kundipukuta kumaso ndi m'khosi.

Abale anga, ine ntchito yanga ndi yosambitsa okalamba tsiku ndi tsiku, koma sindikumbuka kuti ndi liti pamene munthu anandipukutako ineyo. Ndinalira. Iwo anangoti, "Lira mwanawe, koma usagwedezeke, sindinamalize."

Kuyambira pamenepo tinkadyera limodzi, n'kumasewera makhadi masana onse. Amabera mayi amenewa! Koma ndaseka mmene sindinasekere chaka chonse, ndipo ndikuthokoza Mulungu.

Lero potsanzikana andigwira dzanja osalisiya, akuti, "Disembala ukamapita kwanu unditenge. Amuna anga ankalakalaka kukaona Africa, sizinatheke." Ndawayankha kuti ndifunse kaye kwathu.

Ndiye amayi, achimwene, mukuti bwanji? Kunena zoona mtima wanga wavomera kale. Kodi denga la chipinda chakumbuyo linakonzedwa, kapena likudonthabe?