Alamu akuti ayera ndi mapapaya

Mwaswera bwanji nonse.

Alamu, akazi a achimwene anga a Fulaye, afika lero kuchokera ku Songani nkhope ili mbee, moti amayi sanawazindikire msanga. Titawafunsa, akuti, "Ndinasiya matemba, ndikungodya mapapaya."

Koma akupeta mpunga ndinawayang'ana manja. Mfundo za zala ndi zakuda bii, makutunso chimodzimodzi. Ndi papaya lanji losankha nkhope yokha?

Amayi anangoti, "Nyanja yathuyi itauma nthawi ya chipani chimodzi tinakhala osalawa matemba, koma palibe anayera."

Ine ndikukayikira mafuta aja owononga khungu. Chandiopsa n'chakuti alamuwo akuti kamwana kawo Chisomo nako kadzayera posachedwa.

Ndiwaimbire achimwene, omwe ali ku chilumba cha Chisi, kapena ndiyambe ndakhala nawo pansi alamuwo?