Mayi Girizi ndi Loka ya Kutsogolo

Ku galaja ya asilikali, dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi a kalaliki okha. Ena onse ankangoti Mayi Girizi. Sanali msilikali ayi. Analowa pageti paja tsache lili m'manja, amuna awo atangomwalira kumene, kunyumba atasiya ana awiri. Ntchito inali kusesa basi. Koma amakanika, ndi ulesi wawo, anayamba kuwatuma kutsuka mabawuti ndi magiya m'beseni la dizilo. Mayiwo akatsuka ankayala zitsulozo pa saka motsatana, monga momwe zinatulukira m'galimoto, ndipo akafunsa kuti ichi n'chachiyani sankafunsanso kachiwiri. Patatha zaka zisanu ndi chimodzi mkulu wa galaja anawaponyera ovolosi, nati tsache alisiyire wina.

Chaka china mvula inagwa osapumira. Lole yaikulu ya matayala asanu ndi limodzi inalowa m'galaja ikukokedwa, matope mpaka m'zitseko. Inatumidwa kukasiya mankhwala ndi matenti kwa anthu amene madzi anawagwetsera nyumba, koma inatitimira panjira masiku awiri. Dalaivala wake, sajeni wamtali wa mawu aakulu, anatsika nkhope itagwa.

"Amayi, galimoto iyi yandichititsa manyazi. Tayala limodzi lakutsogolo limangozungulira m'matope ngati lapenga, linzake lili phee, kuonerera."

"Difu imatero," anayankha Mayi Girizi. "Mphamvu yonse imathamangira ku tayala lopanda ntchito. Zili ngati kunyumba kwanga, wosagwira ntchito ndiye amadya kwambiri. Tiikamo loka. Mukadina batani, onse awiri azizungulira limodzi, afune asafune."

Lokayo inali itatha chaka m'bokosi mwake ku sitolo, chifukwa amakanika anzawo ankangoizemba. Mayiwo anakweza lole pa majeke, anakhetsa oyilo, anagwetsa matayala olemera kuposa iwo eni, n'kusolola mashafiti onse awiri. Difu, chimutu cha magiya chija chokhala pakati pa ekiselo, anaitsitsa ndi tcheni pang'onopang'ono mpaka inakhala pa benchi.

Kulowetsa loka sikunawavute. Mutu unawawa pofuna kuti mano a magiya alumane bwino. Anapaka utoto wachikasu pa mano, kuzunguza ndi dzanja, n'kuyang'ana pamene utoto wafufutika. Unafufutika cham'mphepete, osati pakati. Anamasula, anawonjezera kachitsulo kopyapyala ngati lezala, anamanganso. Cham'mphepetebe.

M'mawa wa tsiku lachitatu sajeni anabwera ndi kaputeni.

"Mayi, anthu akutidikira kumene kuja," anatero kaputeni. "Ingomangani momwemo."

Mayi Girizi anali asanakanepo mawu a bwana. Anapukuta manja pa ovolosi.

"Bwana, ndikamanga chonchi iyenda ndithu. Koma mano akathera panjira, a sajeni akagonanso m'tchire ndi mankhwala omwewo. Ndipatseni mpaka masana."

Kaputeni anawerama n'kuyang'ana utoto uja. Zinaonekeratu kuti sakutolapo kanthu. Anayang'ananso zala za mayiwo, zong'ambikang'ambika, girizi atalowerera m'ming'alu. Kenako anapinda manja a malaya.

"Ndigwire pati?"

"Tochi iyi, bwana. Muunike apa, osati kumaso kwanga."

Ulendo wachinayi utoto unafufutika pakati penipeni pa dzino lililonse. Anabwezera difu, anayendetsa payipi ya mpweya yokankha loka kutali ndi ekizozi kuti isapse, n'kupaka madzi a sopo polumikizira ponse. Thovu silinatuluke, kusonyeza kuti mpweya sukuthawa.

Kuseri kwa galaja kunali chidikha cha matope. Mayiwo anakwera kutsogolo pambali pa sajeni, namuuza kuti alowe pakati penipeni. Lole inatitimira, tayala lija n'kuyamba misala yake.

"Imani kaye. Tsopano dinani. Mafuta pang'ono pokha."

Kunamveka tchii! Chilole chinanjenjemera, chinabuula, kenako chinayamba kukwawa ngati fulu mpaka chinatulukira tsidya lina. Amakanika amene ankaonerera anaimba mluzu. Sajeni anaseka mpaka misozi.

"Koma mumve, achimwene," anatero Mayi Girizi asanatsike. "Pa msewu wa tala lokayi musaiyatse. Chiwongolero chidzakukanirani, mudzalowa nayo m'chipinda cha eni ake."

Lole inanyamuka masana omwewo, n'kukafika tsiku lotsatira. Inayenda maulendo asanu ndi anayi mwezi umenewo, pobwerera itanyamula odwala ndi amayi oyembekezera. Mvula itatha, kaputeni anaitanitsa maloka ena anayi, ndipo amakanika amene ankawatuma kutsuka mabawuti aja anaima mozungulira benchi, mayiwo akuwaonetsa kawerengedwe ka utoto.

Mayi Girizi anapuma ntchito msana utayamba kukana. Mwana wawo wamkazi anawabisira masipanala onse, akuti amayi apume. Koma galimoto ya aneba ikangosintha kaliridwe, mayiwo amavala nsapato, n'kuuza mwanayo kuti akukangowapatsa moni.