Sipika Imene Inandichititsa Manyazi pa Maliro

Amuna anga atapuma pantchito ku esiteti ya nzimbe, anayamba kudandaula kuti sipika imene inabwera ndi galimoto yathu sinkagunda mokwanira. Anapita ku Bangula kukaichotsetsa, n'kuikitsa chibokosi cha sipika kumbuyo pamodzi ndi ampulifaya. Ndinawauza kuti zotere n'zosayenera munthu wa imvi, koma anangoseka.

Patapita sabata, tinapita ku maliro a azakhali anga kwa Katunga. Titafika pamene anthu anaika masamba pamsewu, amuna anga anatseka mawindo m'malo mozimitsa wailesi. Ankaganiza kuti galasi limatsekereza phokoso. Sanadziwe kuti kugunda kwa sipika yotere kumadutsa ngakhale chitsulo. Amayi amene ankaimba nyimbo ya maliro analekeza pakati, onse n'kutembenuka.

Amalume anandilonjera pamaso pa anthu, nati, "Mwana wanga, kodi mwabwera kudzalira kapena kudzavina?"

Ndinaphunzitsa ana a m'mudzi umenewo ulemu kwa zaka zambiri, koma lero palibe akumbukira zimenezo. Amanditchula kuti amayi a disiko. Amuna anga sanapepese mpaka pano. Ku maliro ndimapita ndekha, pa minibasi.