Fodya wa m'rediyeta

Uthenga utafika kuti amalume adwalika ku Lusaka, amayi anafuna kukwera basi. Ine, mphunzitsi woyamba kugula galimoto kwathu ku Ludzi, ndinakana. "Mukwere basi ngati mulibe mwana?"

"Koma ikafika imeneyi?" anafunsa, akuyang'ana chigalimoto chomwe chinali chitatopetsa kale eni ake atatu.

"Ikafika, amayi. Amakaniko aiona."

Linali bodza. Rediyeta inkadontha, ndipo ndinangofikisiramo fodya wouma kuti atseke pobowoka, nzeru yomwe ndinatola kwa anzanga pabawo.

Malire tinadutsa bwino. Titapitirira Nyimba, m'mapiri muja, nthunzi inabuka, galimoto yonse ikununkha ngati chigafa. Tinakhala masiku awiri m'mbali mwa msewu. Mabasi ankatidutsa, ine ndikungoti galimoto yatsala pang'ono kulira. Amayi ankanditungira madzi kumtsinje ndi chigubu, osadandaula.

Tinafika amalume ataikidwa kale. Amayi sanaone nkhope ya alongo awo.

Pobwerera, m'basi, anandigwira dzanja. "Usadziimbe mlandu, mwanangu. Amakaniko aja ndiwo anakunamiza."

Ndinagwedeza mutu kuvomereza. Amayi anamwalira asanawakhululukire amakaniko amene kunalibe.