Dzuwa Lachiwiri la Mayi a Nthochi

Mayi a Nthochi anayamba kugulitsa pakona paja nyumba yagalasi ija isanalotedwe n'komwe. Pamalopo panali kasitolo ka zitsulo ndi mtengo wamthunzi, ndipo ana awo onse anakulira pansi pake, wina ali kumsana wina akukwawa pakati pa mabeseni. Dzina lawo lenileni ankalitchula ndi malemu amuna awo okha.

Sitolo itagwetsedwa, mtengo n'kudulidwa, iwo sanadandaule kwenikweni. Amisiri omanga nyumba yagalasiyo ankagula nthochi mpaka beseni kuoneka pansi. Mayiwo ankayang'ana nyumbayo ikukwera, nsanjika pamwamba pa nsanjika, n'kumati chamumtima, onse odzagwira ntchito m'menemu pakamwa ali napo. Sananame. Maofesi atatsegulidwa, anthu amataye ndi azimayi a nsapato zogogoda ankatsika masana n'kuima pamzere.

Vuto linali nyumbayo. Amene anaijambula, kaya anadya chiyani tsiku limenelo, anaipinda kumaso ngati mbale yoimika, galasi lokhalokha kuyambira pansi mpaka kumwamba. Akuti ankafuna izikongola munthu akaionera kutali. Kutaliko inkakongoladi. Koma dzuwa likangopendeka pang'ono, magalasi onsewo ankaliwola n'kulikhuthulira pamalo amodzi, ndipo malo akewo anali pa beseni la Mayi a Nthochi. Tauni yonse inali ndi dzuwa limodzi, iwo anali ndi awiri. Nthochi zobwera m'mawa zili zachikasu bwinobwino zinkafika madzulo zitada bii, zofewa ngati phala.

Anagula ambulera wamkulu. Apa m'pamene anadziwa kuti nyumbayo ili ndi khalidwe linanso: mphepo ikawomba khoma lalitalilo inkasowa kolowera, n'kutsika nalo mwaukali mpaka pansi. Ambulera anatembenuzika, n'kuuluka kukagwera pamsewu. Wachiwiri anamumangirira ku njerwa, mphepo n'kungowasiyira ndodo.

"Amayi, bwanji osangosuntha?" anafunsa mwana wawo wamkazi powapaka mafuta pakhosi pomwe panali patasupuka.

"Ndisunthire kuti? Kona iliyonse ili ndi mwini wake. Pamene pajapo m'pamene pamakumana otsika basi ndi otuluka m'maofesi. Ndinayamba ndine kukhalapo, nyumbayo yandipeza."

Tsiku lina mtima unawapwetekadi. Anavundikira beseni, n'kulunjika pakhomo lagalasi lozungulira lija, lomwe linawazunguza n'kuwabwezera panja asanalowe. Mlonda, kasitomala wawo wakalekale, anaseka mpaka kugwira m'mimba, kenako anawalowetsa pakakhomo kam'mbali. M'katimo munkazizira mpaka kuchititsa tsemwe. Pakati pa chipinda cholandirira alendo panali bokosi lagalasi, m'kati mwake kanyumba kofanana ndendende ndi nyumbayo, timitengo tapulasitiki ndi tianthu toyenda ndi tizikwama. Mayiwo anawerama kufunafuna kona yawo. Anaipeza ili mbee, popanda ngakhale kabeseni.

"Mwanawe, ndikufuna amene anajambula nyumbayi," anauza mtsikana wa pakauntala.

"Amayi, amenewo sakhala kuno. Anajambulira kunja."

"Ndiye dzuwa lakunoli analionapo?"

Mtsikanayo anamwetulira mwaulemu n'kunena kuti uthengawo aupereka. Uthenga unakwera chikepe, sunatsikenso.

Chimene chinatsika ndi bwana wamkulu wa pansanjika yapamwamba. Dalaivala wake tsiku lina anaimika galimoto yatsopano pafupi ndi beseni lija, poti kosungira magalimoto kunsi kwa nyumba kunali kutadzaza. Pomwe ankabwerako, pulasitiki wa kutsogolo anali atakwinyika, kagalasi koonera m'mbuyo kali lende. Bwanayo anatuluka thukuta lili kamukamu, akukalipira dalaivala. Mayi a Nthochi sanathe kudzigwira.

"Bwana, musamulakwire mwana wa eni ake. Ndi nyumba yanuyi. Taimani apa pomwe ndakhala inepa, muyang'ane kumwamba."

Bwanayo anaima, n'kuyang'ana, n'kutseka maso msangamsanga. Zimene khosi la munthu linalephera, galimoto inazitha. Sabata yomweyo kunabwera anthu a zipewa zolimba ndi timakina toyezera, ndipo posakhalitsa amisiri anayamba kumanga khonde lalitali lazitsulo ndi matabwa, lotchinga dzuwa ndi mphepo yomwe.

Mayiwo anasangalala zosaneneka. Nthawi yonse yomanga anakhala m'mphepete mwa ngalande kutsidya kwa msewu, akuuza aliyense wogula kuti khonde limenelo ndi la pakamwa pawo. Anagula nsalu yatsopano yoyala pansi pa beseni. Mwana wawo anachita kuwaseka kuti akukonzeka ngati mkwatibwi.

M'mawa wa tsiku lomwe anachotsa malata otchinga malo omangawo, anawoloka msewu beseni lili pamutu. Pakona panali mthunzi wabwino, kamphepo kayaziyazi. Panalinso miphika ikuluikulu ya maluwa, matebulo ozungulira ndi mipando yake, ndi kakauntala komwe mnyamata wa epuloni ankapukuta makapu a khofi. Asanatule n'komwe, mlonda uja anafika akuyang'ana pansi.

"Mayi, pepani. Akuti pano tsopano ndi pa alendo a nyumbayi."

"Achimwene, zaka zonsezi ndimapsa pano, munandithamangitsapo?"

"Nthawi imeneyo palibe ankapafuna, mayi."

Mayiwo anacheuka. Kumbuyo kwawo mayi wina wa chikwama chonyezimira ankadikira kuti adutse akakhale pampando. Mayi a Nthochi anapatuka, beseni likadali pamutu, n'kumupatsa njira.